Mutu 6: Mafuta a Ansembe ndi Mafuta a Achimwene

1. Makina osokera

Loweruka lililonse m'mawa ndinkapukuta makina osokera a bambo. Ndinkayamba ndi kuchotsa nsalu yophimbira n'kukaikutumula panja. Kenako ndinkatenga mswachi wakale n'kumachotsa fumbi pansi pa singano. Pomaliza ndinkadontheza mafuta m'timabowo ta pamwamba, monga anandiphunzitsira eni akewo.

Makinawo anali chete kuyambira pamene bambo anagwa ndi matenda a sitiroko. Dzanja lamanja ndi mwendo zinafa, pakamwa panapotoka. Mawu awo ankatuluka ngati a munthu amene wavumata madzi. Alendo ankangogwedeza mutu, kunamizira kuti amva. Amene ndinkawamva ndinali ine ndekha, poti ndine ndinkawamwetsa mankhwala ndi kuwapukuta kukamwa. Pakhomo ankanditcha Kachete chifukwa chosalankhulalankhula, koma tsopano Kachete yemweyo ndiye anasanduka pakamwa pa bambo.

Tsiku limenelo ndinkapukuta pang'onopang'ono dala. Kukhitchini azakhali, alongo awo a bambo, ankagubuduza mapoto, ndipo ndinkadziwa kuti ndikangomaliza andiitana.

Kale makina amenewa ankalira kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Amayi anamwalira ndili wamng'ono, choncho ine ndi achimwene tinakulira pansi pa tebulo la makinalo, tikutola tizidutswa ta nsalu. Bambo ndiwo ankasoka mikanjo yofiira ya anyamata otumikira Misa ku parishi yathu, ndipo woyezera anali achimwene. Ankawaimika pa mpando, manja atatambasula, iwo atalumira mapini kukamwa.

"Ima bwino, Kabelu, ndingakubaye," ankatero.

Dzina la Kabelu linabwera tsiku loyamba limene achimwene anatumikira Misa. Anapatsidwa belu kuti alize, ndipo linawakomera. Analiza osalekeza mpaka ansembe anacheuka n'kuwayang'ana, tchalitchi chonse chikuseka m'manja. Bambo ankaikonda nkhani imeneyi. Ankaifotokoza madzulo tikamamwa tiyi pa benchi ya pakhonde, iwo akundiziziritsira wanga m'mbale, achimwene atabisa nkhope ndi manyazi.

Zonsezi zinatha achimwene atayamba ntchito m'sitolo ya zipangizo zomangira. Kumeneko anakumana ndi amishonale awiri a malaya oyera, a mpingo umene anthu amautcha wa Amormoni. Anayamba kuphunzira nawo, anasiya tiyi, kenako anabatizidwa. Tsiku limene anauza bambo, makina anaima pakati pa msoko.

"Ndiye ubatizo uja ndinakunyamulira m'manja mwangamu kunali kusamba chabe?" anafunsa bambo.

"Amene anandibatizayo analibe ulamuliro, bambo," anayankha achimwene.

Bambo anapondanso makina. Achimwene anakachita lendi chipinda pafupi ndi kuntchito. Bambo atadwala ankabwera ndithu, ndi sopo ndi mankhwala, koma ankapereka moni ataima pachitseko cha chipinda. Sanalowepo n'kukhala pansi.

2. Chenjezo la azakhali

"Kachete! Makinawo ukufuna uwakwatitse kodi? Tabwera kuno!"

Ndinaphimba makina n'kupita kukhitchini. Sabata imeneyo bambo anali atafooka kwambiri, ndipo namwino amene ankabwera kudzawaona anatiuza kuti tisapite kutali. Azakhali anandilozera kampando, iwo n'kukhala pa ndowa yovundikira.

"Khala apa, mwana wa mlongo wanga, ndipo undimvetsetse," anayamba. "Bambo Mfumu akubwera masana ano kudzadzoza bambo ako mafuta a odwala. Mchimwene wakoyo naye watumiza uthenga kuti akubwera ndi mafuta ake. Ine ndakula, sindifuna nkhondo pamutu pa wodwala. Koma chinthu chilichonse chili ndi mwini wake.

"Wansembe sadzuka m'mawa n'kudzipatsa unsembe. Amasanjikidwa manja ndi episkopi. Episkopiyo anasanjikidwa manja ndi wina, winayonso ndi wina, mpaka kukafika kwa atumwi. Unyolo umenewu sunadukepo, mwanawe. Mafuta amene ansembe akubwera nawo anadalitsidwa ndi episkopi tchalitchi chitadzaza. Nanga a mchimwene wakowo anadalitsa ndani? Mwana amene ndinkamuchapira matewera dzana lomweli, lero ati ndi mkulu wa mpingo, ati ali ndi unsembe. Ndevu zake sizinakumane n'komwe!

"Bambo ako anabatizidwa ali khanda. Anamanga ukwati pa guwa. Mayi ako tinawaika ndi Misa. Munthu sasintha njira atafika pachipata. Mapanga awiri avumbwitsa, Kachete. Inu ana a masiku ano mumaona ngati chipembedzo ndi malaya, oti akathina ugule ena. Ife tinaphunzitsidwa kuti pamene unabatizidwira ndi pamene umafera."

Anaima pang'ono n'kupukuta manja pa nsalu yawo.

"Tsono ntchito yako ndi iyi. Iye akafika, ulowe m'chipindamo uwafunse bambo ako, poti wowamva ndiwe wekha. Ukatuluke ndi mawu omveka. Ukanene kuti akufuna ansembe. Ukanenenso kuti Kabelu asapondenso m'chipinda mwawo mpaka atabwerera ku mpingo wake."

"Nanga akapanda kunena zimenezo?" ndinafunsa motsitsa mawu.

"Mumtima ananena kale. Ine ndi iyeyo tinayamwa bere limodzi, ndimamudziwa. Mwana wina amachira ndi mankhwala owawa. Akamva kuti atero ndi bambo ake, adzagwada, ndipo iwe udzakhala utamupulumutsa. Wamva?"

Ndinayang'ana pansi. Azakhali anatenga kukhala chete kwanga ngati kuvomera, monga ankachitira aliyense.

3. Kabotolo ka pa makiyi

Achimwene anafika dzuwa lili pamutu, atavala malaya oyera ndi tayi. Anabwera ndi bambo wina wa imvi, wovala magalasi, amene anati anali mphunzitsi asanapume pa ntchito. Ku mpingo wawo odzoza amakhala awiri: wina amathira mafuta, winayo amatsogolera pemphero la mdalitso.

Azakhali anawalandira pabalaza mwaulemu wozizira.

"Ndikuthirireni tiyi, aphunzitsi?" anafunsa.

"Zikomo, mayi. Madzi okha akwana."

"Ha, ndinaiwala! Kwanu kuja tiyi ndi tchimo."

"Madzi a m'nyumba ya anthu abwino amakoma okha, mayi," anatero aphunzitsiwo akumwetulira.

Achimwene anatulutsa makiyi m'thumba n'kuwaika patebulo. Pamodzi ndi makiyiwo panali kabotolo kachitsulo, kotalika ngati chala changa chaching'ono.

"Amenewo ndiwo mafuta ako?" anafunsa azakhali. "Mafuta oyera amayendera limodzi ndi kiyi wa njinga?"

"N'cholinga choti akhale pafupi wina akadwala mwadzidzidzi, azakhali."

"Ukadzasokoneza n'kuthira pa tcheni cha njinga, usadzati sindinanene."

Achimwene anandikodola ndi maso, ndipo tinatulukira kuseri, kumene ndinali nditayanika zofunda za bambo. Anaima pafupi ndi chingwe, akupotokola pini yoyanikira zovala.

"Wawonda, Kachete. Kusukulu ukupita koma?"

"Masiku ena."

"Tamvera, mchemwali wanga. Ine sindidana ndi ansembe. Ndi anthu abwino, ndinawatumikira zaka zambiri. Koma ife timakhulupirira kuti atumwi atatha kumwalira, ulamuliro wa unsembe unachoka pa dziko. Matchalitchi anatsala, mikanjo inatsala, mabelu anatsala, koma mphamvu yochita zinthu m'dzina la Mulungu panalibe. Patapita zaka zambiri Mulungu anaubwezeretsa kudzera mwa mneneri. Atumwi akale omwewo anabwera ngati amithenga ochokera kumwamba n'kumusanjika manja. Amene anandisanjika manja ine ndikumudziwa, ndipo amene anamusanjika iyeyo amadziwikanso, mpaka kukafika kumeneko. Sindikudzitama ayi. Ndili ndi chinthu chimene ndikukhulupirira kuti chingawathandize bambo. Ndingakhale mwana wotani nditangochisunga m'thumba?"

"Bwanji osangolowa n'kuwadzoza?"

"Sizitheka. Mdalitso sitikakamiza munthu. Wodwalayo ayenera kuufuna, ndipo bambo nzeru zawo zili bwinobwino. Akapanda kuvomera, aphunzitsi aja sangaike dzanja."

Pini ija inathyoka. Anayang'ana zidutswazo n'kuziika m'thumba.

"Abwana akufuna kunditumiza ku sitolo yawo ina, kutali kwambiri. Ndakhala ndikuzengereza kuwayankha. Bambo akandikana lero, ndidziwa kuti pakhomo pano palibenso malo anga, ndipo Lolemba ndikavomera."

Achimwene ndiwo ankandibereka kumsana popita ku Misa mvula ikagwa. Ndiwo anandiphunzitsa kuwerenga pa zikwangwani za m'misewu. Chikhalirecho atasamuka, ndinkadziwa kuti ndikathamanga ndikawapeza kusitolo.

"Sindikuti uname," anapitiriza osandiyang'ana. "Koma mawu a bambo ndi ovuta kumva. Akatuluka mokayikitsa, uwamvere kumbali yanga. Kadontho kamodzi kokha pamutu, Kachete. Sikangawapweteke."

Nawonso anatenga kukhala chete kwanga ngati kuvomera.

4. M'chipinda cha bambo

Ndinalowa ndekha n'kutseka chitseko. Bedi la bambo linali pafupi ndi zenera. Pa msomali wa kumutu panali kolona wawo ndi tepi yoyezera nsalu, zitakolana. Ndinawatembenuza kuti ayang'ane kumene ndinali, ndinawaikira pilo kumsana, n'kuwapukuta kukamwa.

"Bambo, ndatumidwa," ndinatero. "Bambo Mfumu akubwera kudzakudzozani. Mukuwafuna?"

Maso awo anawala. "A...nse...mbe," anatero, n'kugwedeza mutu.

"Achimwene nawo abwera. Ali ndi mafuta a ku mpingo wawo. Akupempha kuti akudalitseni."

Bambo anatseka maso. Anakhala choncho nthawi yaitali, mpaka ndinaganiza kuti agona. Kenako dzanja lawo lamanzere, lamoyo lija, linayenda uku ndi uku pa bulangete.

"A...yi."

Mawuwo sanali okayikitsa. Ngakhale mlendo akanawamva.

Ndinagwada pambali pa bedi. "Bambo, mukakana apita kutali. Ati Lolemba lomweli. Kadontho kamodzi kokha, bambo. Mungovomera kuti asapite."

Anandiyang'ana monga ankandiyang'anira kale ndikasoka mzere wokhota n'kuyesa kuubisa ndi chala.

"Bo...dza," anatero. Anapuma movutikira n'kuyesanso. "Si...ndi...mu...na...mi...za."

Ndinamva. Kuvomera mafuta amene sankawakhulupirira kukanakhala kunamiza mwana wawo. Bambo anali munthu woti kasitomala akabweretsa nsalu yosakwana, ankamuuza pomwepo, ngakhale kasitomalayo akwiye n'kupita kwa telala wina.

"Palinso china," ndinatero. "Azakhali ati achimwene asalowenso m'chipinda muno mpaka atabwerera ku mpingo. Ati ndinene kuti mwatero ndinu."

Dzanja lija linamenya bedi mwamphamvu mpaka kapu ya mankhwala inagwedera pa katebulo. Nkhope yawo inafiira.

"Nyu...mba ya...nga! Mwa...na wa...nga!"

Misozi inatsika mbali imodzi ya nkhope, n'kulowa m'khutu. Ndinaipukuta ndi kansalu.

"Ka...be...lu," anatero motsitsa. "A...bwe...re."

Ndinatuluka n'kuima m'kanjira ka pakati pa zipinda. Kuchokera pamenepo ndinkaona msana wa achimwene pa mpando wa pabalaza, khosi la malaya litapindika kumbuyo monga linkachitira ali mwana, bambo n'kumawakonzera pakhomo la tchalitchi. Mawu amodzi okha akanawasunga pafupi. Ndikanati bambo avomera zonse ziwiri, palibe akananditsutsa, ndipo bambo sakanatha kudzinenera. Ndinaima pamenepo mpaka azakhali anakhosomola mokweza.

5. Kachete atsegula pakamwa

Onse atatu anatembenuka nditalowa. Ndinaima pafupi ndi kabati, manja kumbuyo.

"Bambo akufuna ansembe," ndinatero.

"Mwamva?" anatero azakhali, akuyang'ana aphunzitsi aja.

"Nanga za ine?" anafunsa achimwene.

"Mafuta anu akana, achimwene."

"Wamvetsetsa bwino? Mwina anati..."

"Ndamvetsetsa. Ndinawapempha kachiwiri. Ati kuvomera kukanakhala kukunamizani."

Aphunzitsi aja anagwira phewa la achimwene. "Ngati bambo akana, sitidzoza, m'bale wanga. Ukudziwa. Tikawapempherera kunyumba."

Achimwene anatola makiyi aja patebulo pang'onopang'ono n'kuwaika m'thumba.

"Malizitsa, Kachete," anatero azakhali. "Pali zina zija."

"Zina zija sananene, azakhali. Munanena ndinu, kukhitchini."

Chibadwire changa ndinali ndisanawayankhepo chotero azakhali.

"Ndinawafunsa za zimenezonso," ndinapitiriza. "Anamenya bedi. Ati nyumba ndi yawo, mwana ndi wawo. Ati achimwene alowe."

"Iwe mwana, ukundichititsa manyazi pamaso pa alendo?" anatero azakhali. "Ine ndinkafuna kupulumutsa mzimu wa mbale wako!"

Koma achimwene anali ataimirira kale. Zikuoneka kuti anamva mawu oyamba okha, otsalawo anawadutsa.

"Basi, ndamva," anatero. "Sindilimbana ndi wodwala. Kachete, ukawauze kuti sindinakwiye. Ukawauze kuti ndikupita kukagwira ntchito kutali, ndizitumiza mankhwala. Ukawauzenso kuti..."

"Ayi."

Anandiyang'ana ngati kuti mpando ndiwo walankhula.

"Sindikawauza, achimwene. Ndatopa kukhala pakamwa pa aliyense m'nyumba muno. Za unyolo wa azakhali ndi za mneneri wanu, ine sindikudziwa amene akulondola. Ndidzafufuza ndekha nthawi yanga ikadzakwana, ndipo pasadzapezeke wondikankha. Koma lero nonse awiri mwandiitanira pambali. Wina ati ndiwonjezere mawu, wina ati ndiwakhotetse. Mwakhala mukukangana kuti ndani ali ndi ulamuliro wolankhula m'malo mwa Mulungu, koma ulamuliro wolankhula m'malo mwa bambo palibe anakupatsani. Munthu uja akudwala, sanafe. Wayankha yekha."

Azakhali anakhala pansi n'kuyamba kukonza mpango wawo wa kumutu, umene sunali wokhota n'komwe. Aphunzitsi anavula magalasi n'kumawapukuta.

"Akana mafuta anga, Kachete," anatero achimwene. Mawu awo anali ngati a mwana. "Ndikalowemo ndi chiyani?"

"Akana mafuta. Inuyo akukuitanani."

"Sindimva n'komwe zimene amanena. N'chifukwa chake ndimaima pachitseko. Ndimaopa kuti anena kanthu, ine n'kulephera kuyankha."

"Inenso poyamba sindinkawamva. Ndinangokhala pansi."

Nthawi yomweyo tinamva njinga yamoto ikukhota mumsewu wathu, n'kudzaima pageti. Azakhali anadzambatuka.

"Bambo Mfumu afika! Kachete, yala nsalu yoyera pa katebulo, yatsa kandulo. Iwe Kabelu, ngati ukupita tulukira kuseri, asakupeze ndi tayi wakoyo pakhomo."

Achimwene anaima pakati pa balaza. Kumanzere kwawo kunali khomo la kuseri, kumanja kanjira kopita ku chipinda cha bambo. Panja geti linalira, ndipo tinamva mawu a ansembe akupereka moni kwa ana a oyandikana nafe. Anali ansembe omwe aja amene achimwene ankawalizira belu, ndipo chichokereni achimwene mu mpingo, awiriwa anali asanaonanepo.

Ndinapita kukatsegula chitseko cha chipinda cha bambo, n'kuchisiya chotsegula.

"Kandulo ndiyatsa, azakhali," ndinatero. "Koma kuseri satulukirako munthu. Achimwene, ngati mukupita, kawatsanzikeni nokha. Mpando uli pambali pa bedi. Ine sindilowa nanu."